Kuchotsa mimba kuno ku Joni, kodi amamanga?

Mayi wina wandilembera email, dzina sinditchula. Akuti mng'ono wawo ali ndi mimba ya masabata 9, mwamuna anathawa, amagwira ya m'nyumba ndipo abwana akangodziwa ntchito yatha, ndiye mwini wakeyo akufuna kuchotsa koma akuopa kumangidwa poti mapepala alibenso.

Achemwali, kuno nkhani imeneyi si mlandu. Lamulo la South Africa, Choice on Termination of Pregnancy Act la 1996, limati mpaka masabata 12 mkazi akangopempha basi, safunika kufotokoza chifukwa, safunikanso chilolezo cha mwamuna olo makolo, ndipo nesi kapena mzamba wophunzitsidwa atha kumuthandiza. Kuyambira 13 mpaka 20 ndi dokotala yekha komanso pakhale chifukwa, monga kugwiriridwa, thanzi lake, kapena kuti mimbayo imuika pa umphawi woti sangathe. Kupyola 20 zimavuta kwambiri. Ndiye pa 9 paja musachedwe, masabata akutha.

Mantha anuwo ndikuwamvetsa, tinachoka nawo kumudzi. Ku Malawi wochotsa mnzake mimba ndi mpaka zaka 14 kundende, mwini mimbayo mpaka zaka 7, Penal Code imalola populumutsa moyo wa mayi, ndipo mu 2021 aphungu anakana olo kungoyamba kukambirana bilu yosintha zimenezi, mipingo itakanitsitsa. Koma anthu sanasiye ayi, kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la ku America la Guttmacher anapeza kuti mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa mu 2015 mokha.

Kunonso musaone ngati aliyense akugwirizana nazo, kutchalitchi amadzudzula, manesi ena amakana kugwira ntchitoyi chifukwa cha chikhulupiriro, enanso akangomva kuti ndiwe wakunja nkhope yasintha kale. Nchifukwa chake atsikana athu amathamangira timapepala tomata pa mapolo a magetsi ku Hillbrow tija, tolemba dokotala wakuti ndi nambala ya WhatsApp. Zimenezo ndiye zimandiopsa ine, amakupatsa mapilisi mu envulopu pa kona osayeza kuti mimba yafika pati, magazi akakana kusiya foni yazima.

Mng'ono wanuyo apite ku kliniki ya boma mmamawa, akati pano sitipanga afunse kuti amutumize komwe amapanga, ngati ndalama ilipo kuli makliniki olipira a Marie Stopes. Kaya inuyo mukugwirizana nazo kaya ayi, mumuperekeze, asakaime pa mzere yekha.