Kodi RTX 3060 ingalowe mu kompyuta yaing'ono ya muofesi?

Achimwene ena a ku Luwinga atilembera imelo kuti ali ndi kompyuta ya Dell OptiPlex yaing'ono, yopyapyala ija, yomwe anaigula itagwirapo kale ntchito, ndipo akufuna kuikamo khadi ya zithunzi (graphics card) ya RTX 3060 ya 12GB kuti azisewera gemu ya GTA V bwinobwino. Akufunsa ngati zingatheke.

Achimwene, musagule kaye. Ambiri amathamangira kuyang'ana ma GB, pomwe choyamba kuyang'ana ndi magetsi. Kabowo ka PCIe komwe khadi imalowa pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kompyuta) kamapereka 75W basi. RTX 3060, yomwe NVIDIA inatulutsa mu 2021, imadya 170W, choncho imafuna chingwe china cha mapini 8 chochokera ku power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta), ndipo opanga amati power supplyyo ikhale ya 550W. Tsegulani bokosi lanulo muwerenge kapepala komatidwa pa power supply. Makompyuta opyapyala a muofesi amabwera ndi yaing'ono kwambiri, ndipo chingwe cha mapini 8 mulibemo. Ena amalumikiza timawaya tosinthira kuchokera ku chingwe cha magetsi cha SATA, chopita ku hard disk. Musayerekeze! Timawayato timatentha, pulasitiki nkusungunuka, nthawi zina mpaka kuwotcha khadi.

Chachiwiri ndi malo. Khadi ya mafani awiri ndi yaitali komanso yotambalala, chivindikiro cha bokosi lanulo sichingatsekeke.

Kwa inu, khadi yoyenera ndi GTX 1650 ya 4GB ya mtundu wa low profile (yopangidwira mabokosi opyapyala). Imakhutira ndi 75W za pa kabowo, siifuna chingwe china, ndipo GTA V imayenda bwino pa 1080p. Ngati mtima uli pa RTX 3060 ndithu, sonkhanitsani ndalama za bokosi lalikulu, motherboard ndi power supply yodalirika nthawi imodzi.

Mukamagula khadi yogwirapo ntchito, iyeseni pamaso pa wogulitsayo. Tsegulani pulogalamu ya GPU-Z. Imaonetsa dzina lenileni la chip, ndipo makhadi ena akale omwe anawasintha dzina kuti azioneka ngati GTX 1050 Ti imawalemba kuti FAKE. Kenako yendetsani gemu kwa mphindi 20. Mukaona timadontho ta mitundumitundu pa sikirini, mwina VRAM (memory ya khadiyo) yayamba kufa, isiyeni. Kutentha kukadutsa madigiri 85, mwina fani yatopa kapena thermal paste (phala lothandiza chip kutulutsa kutentha) yauma.

Kuno ku Mzuzu kuzizira kumathandiza, koma chinyezi cha nyengo ya mvula chikasakanikirana ndi fumbi chimamata pa tizitsulo totulutsa kutentha. Muzipemerera fumbilo miyezi itatu iliyonse, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Magetsi akathima, zulani pulagi kukhoma mpaka abwerere nkukhazikika, kapena gulani UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi).

Mukamaliza kuika khadi, chingwe cha HDMI mulowetse pa khadipo, osati pa motherboard, kenako ikani madiraiva ochokera pa tsamba la NVIDIA.