Mwana akatentha thupi ku Harare, kodi ndi malungo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mabvuku, kuno ku Harare. Kwawo ndi ku Salima, anabwera kuno mu Januwale kutsatira bambo a kunyumba, ndipo ali ndi ana awiri, wina wazaka 7 wina wazaka zitatu. Analemba kuti: "Chiyambire Malichi ana akungopatsirana chimfine. Wamng'onoyu usiku amatentha thupi, inenso m'thupi simukundikomera. Apongozi pa foni akuti ndi malungo, ndiwamwetse LA amene ndinabwera naye. Anzanga achishona akuti ku Harare kulibe malungo. Ndimvere ndani?"

Achemwali, LA ameneyo musayambe mwamutsegula. Mwana wazaka zitatu akatentha thupi mupite naye ku kiliniki ya khonsolo tsiku lomwelo, akamuone ndi kumuyeza magazi. Amangobaya chala, pakapita mphindi 20 zotsatira zatuluka. Akayamba kusanza chilichonse, kukana kumwa, kupuma mobanika, kulefuka kapena kukomoka, musadikire kuti kuche. Tengani buku lake lakuchipatala la ku Malawi lija, anamwino amafuna kuona katemera amene analandira.

Tsono za apongozi ndi anzanu aja. Onse akunena zimene anaona ndi maso. Ku Salima mwana akatentha thupi mu Malichi, mayi aliyense amaganiza malungo, ndipo kawirikawiri amalondola. Koma Salima ali m'mphepete mwa nyanja, pamene Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ngati Dedza. Udzudzu wofalitsa malungo suchita bwino kozizira chonchi. Udzudzu uliko ndithu, umaimba m'khutu usiku wonse, koma wambiri ndi wongosowetsa tulo.

Malungo a ku Harare amabwera pa basi. Amakwerera ku Mwanza, ku Tete, ku Nyamapanda, kapena kumadera otentha a Zimbabwe yemweyu monga Kariba, Mudzi ndi Chiredzi. Munthu akalumidwa, zizindikiro zimaoneka pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina mpaka mwezi. Choncho namwino mumuuze msanga ngati wina m'nyumbamo anayenda ulendo posachedwa, ngakhale asanakufunseni. Kuno munthu wotentha thupi samuganizira malungo mwachangu ngati kwathu.

Ine zinandionekera. Nditakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi ndinapita ku maliro a malume ku Nkhotakota, masiku atatu tikugona pasiwa, neti ayi. Ndinkati ndine mwana wa kunyanja, udzudzu umandidziwa. Patatha masiku khumi ndibwerere, ndinayamba kunjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo, nditavala majuzi awiri. Ndinamwa Panado masiku atatu ndikuti ndi chimfine. Pamene bambo a ana amandinyamula kupita kuchipatala, miyendo inali itakana. Kachitetezo kamene thupi limapeza munthu akamalumidwa chaka ndi chaka kamatha ukakhala nthawi yaitali kosalumidwa. Ambiri a ife okhalitsa kuno timaiwala zimenezi, timapita kumudzi pa Isitala ngati tinachokako dzulo.

Koma ngati chibwerereni mu Januwale palibe amene wayenda, chimene ndikukayikira kwambiri ndi zinthu ziwiri: mphepo ndi madzi.

Za mphepo n'zosavuta. Mvula ikamatsazika chonchi masana kumatentha, mwana amasewera chosavala, ndiye dzuwa likangolowa kumazizira mwadzidzidzi. Chimfine chenichenicho n'chopatsirana, ndipo wamkuluyo ali pa sukulu yatsopano, akukumana ndi tizilombo timene thupi lake silinatizolowere, n'kumabweretsera mng'ono wake. Chaka choyamba chimakhala chotere. Muziwasambitsa dzuwa lisanalowe, juzi ikhale pafupi. Mabulangete gulani panopa ku Mbare asanakwere mtengo, chifukwa mu Juni ndi Julayi usiku kumafika madigiri 7, mwina kutsika kuposa apo. Wa ku Salima adzalira. Ndipo magetsi akathima, chonde, mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha, umangogonetsa anthu osadzukanso.

Madzi ndiwo amene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi amene amapha anthu mumzinda uno. Kolera wa 2008 mpaka 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo Budiriro, kuno ku Harare, anali pakati pa madera amene analira kwambiri. Mu Seputembala 2018 anabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Tayifodi nayenso amabwerabwera. Madzi a mumzinda amachokera ku Lake Chivero, kumene kumatheranso zonyansa za mumzindamu, ndipo m'madera ambiri mpopi umatha masiku uli gwa. Anthu amadalira mijigo ndi zitsime zokumba pakhomo. Kwathu tinazolowera kuti madzi a pa mjigo ndi abwino, umangotunga n'kumwa. Kuno mjigo uli pakati pa nyumba zothithikana, mapaipi a zimbudzi ndi akale, akaphulika zonyansa zimalowa pansi, ndipo kumapeto kwa dzinja nthaka imakhala itakhuta madzi. Madzi amatuluka oyera mbee, koma kuyera si umboni.

Tayifodi ndi wonyenga, chifukwa amayamba ngati malungo: kutentha thupi kokwera tsiku ndi tsiku, mutu, kufooka, m'mimba kupweteka, mwina osatsegula n'komwe. Mukapereka LA mwataya masiku atatu mukuchiza matenda amene palibe, enieniwo akukula. N'chifukwa chake ndikukakamira zoyezetsa.

Kwanga kuli chigubu cha malita 20 cha madzi akumwa okhaokha, chokhala ndi kampopi pansi, kuti pasakhale wopisamo kapu. Madzi ake ndimawiritsa kapena kuthira WaterGuard, yemwe uja timamudziwa kwathu. Mwana wa sukulu amanyamula botolo lake. Matimati, magwafa, nzimbe, chilichonse chochokera kumsika chimayamba chatsukidwa ndi madzi omwewo. Zimatopetsa, gasi amathanso msanga, koma ndinawerengera mtengo wa bedi la kuchipatala ndipo ndinasiya kudandaula. Wina akatsegula m'mimba, Thanzi ORS kuno amangoti ORS. Ikasowa, anamwino a kuno amaphunzitsa ya pakhomo: botolo la mamililita 750 la madzi owiritsa, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Mumwetse pang'onopang'ono muli pa njira yopita kuchipatala.

Ndiye inuyo, amake ana. Mwalemba mzere umodzi wokha za thupi lanu, ngati n'zosafunika. Mukapita ndi mwanayo nanunso muyezetse, akuoneni BP ndi kuchuluka kwa magazi. Akuluakulu amalipira, kuno si kwathu kumene chipatala cha boma n'chaulere, ndiye sungani kandalama kapadera ka zimenezi. Koma ndikudziwanso kutopa kwina kumene makina sakuona. Bambo achoka mbandakucha kukathamangira kombi, inu mwatsala ndi zigubu, mwana wodwala ndi chilankhulo chimene mukungotolako mawu awiri atatu. Ku Salima akanabwera achemwali anu kudzamubereka mwanayo inu mugoneko. Mabvuku ndi Tafara kwadzaza anthu akwathu, ena agogo awo anabwera nthawi ya Nyasaland, mpaka gule wamkulu amatuluka. Funsani kumene kuli CCAP kapena mzikiti wapafupi, mukangoti "muli bwanji" wina adzatembenuka.

Ino ndi nyengo ya masika, musamangodya kabichi. Pa msika nkhwani muziti muboora, mpiru ndi tsunga, therere ndi derere, luni ndi nyevhe. Mondokwa, maungu ndi mtedza wauwisi zili mbwee. Kapenta wa ku Kariba sangafike pa usipa, ameneyo ndiye musanditsutse, koma wothira matimati ana amadya.

Apongozi musakangane nawo. Muwauze kuti mwana mwapita naye kuchipatala ndipo adokotala amuyeza, mawu amenewo amawakhazika mtima pansi. Sukulu zikatsekera, ngati mukupita kumudzi pa Isitala, neti ikhale pamwamba m'chikwama, muipachike usiku woyamba womwewo. Mundilembere zimene apeza ku kiliniki.