Za shafiti ya EN8 ndi nitriding, musanaitumize

Achimwene, funso lanu ndaliona mochedwa koma ndiyankhebe poti mayankho ena pamwambapa akhoza kukutayitsani ndalama. Mwati mwadula shafiti ya giyabokosi ya makina oumbira njerwa pa lathe ku Magaba, malo a amisiri ku Harare, chitsulo chake ndi EN8, yoyamba ija idadyeka pa ma spline (mano a pa shafiti olowa mu giya) ndi pokhala siili, ndiye mukufunsa ngati nitriding, kuumitsa pamwamba pa chitsulo polowetsa naitirojeni, ingailimbitse kufika ngati orijino komanso ngati nitriding ndi case hardening ndi chinthu chimodzi. Si chimodzi ayi, ndipo pa EN8 musayembekezere zambiri. Vuto si ng'anjo kapena mmisiri wa ng'anjoyo, vuto ndi zomwe zili mkati mwa chitsulo chanucho.

Case hardening yomwe ambiri timaidziwa ndi yolowetsa kaboni. Chitsulo chimatenthetsedwa madigiri 900 kupita 950, mpaka chifiire psuu, kaboni nkulowa pamwamba, kenako nkuviika mu oyilo kapena mmadzi. Kulimba kumabwera chifukwa cha kuviikako, ndipo kupindika kumabweranso chifukwa cha komweko, nchifukwa chake shafiti yaitali imatuluka itakhota mumayamba kulimbana nayo pa press. Nitriding ilibe zoviika. Chitsulo chimaikidwa mu ng'anjo yotseka bwinobwino pa madigiri 500 mpaka 550 basi, olo kufiira kwenikweni sichifiira, nkumalowetsamo mpweya wa amoniya. Amoniyayo akakhudza chitsulo chotenthacho amasweka, haidirojeni nkuchoka, naitirojeni nkumalowa pang'onopang'ono mkati. Samafika 590 dala, chifukwa kupitirira pamenepo chitsulo chosakanikirana ndi naitirojeni chimayamba kusintha kapangidwe ka mkati nkusanduka chomwe amati austenite ndipo phindu lonse loti chinthu chisapindike latha. Zikatha amangosiya chizizire mu ng'anjo momwemo, chimatuluka chotuwa mbuu, fayilo ukaipititsa imangotsetsereka osaluma.

Tsono chimachitika nchiyani mkatimo, poti apa ndi pomwe pagona nkhani yanu. Mutadula kachidutswa ka chitsulo chomwe chachitidwa nitriding, nkukapukuta mpaka kawale ngati galasi, nkudonthezera nital, yemwe ndi asidi wa nitric pang'ono mu spirit, pa maikulosikopu mumaona zigawo zitatu. Mmphepete penipeni pali kamzere koyera mbee koti asidiyo sanakadye, amakatcha white layer. Ndi kopyapyala kwabasi, kawirikawiri ma micron 5 mpaka 25 (milimita imodzi ndi ma micron 1000), tsitsi lanu ndi lonenepa kuposa pamenepo. Mmenemo naitirojeni wachuluka mpaka wagwirana ndi ayironi nkupanga zomwe amati ma nitride, amitundu iwiri, gamma prime yomwe ndi Fe4N ndi epsilon yomwe ili ndi naitirojeni wambiri kuposa inayo. Kamzereka ndi kolimba, kamathandiza pa kukhulana komanso dzimbiri, koma ndi kofwamphuka, kakanenepa kwambiri makamaka mitundu iwiriyo ikasakanikirana kamayamba kusendeka tizibenthu tating'ono nkumagwera mu oyilo, bearing nkumadya zomwezo.

Pansi pake pali chigawo chakuderapo, diffusion zone, ndipo ntchito yeniyeni ili mmenemu. Naitirojeni akamalowa amakumana ndi chromium, aluminium, molybdenum, vanadium ngati zilimo mu chitsulocho, nkugwirana nazo kupanga timibulu ta nitride tating'onoting'ono kwambiri toti olo maikulosikopu wamba satiwona, tomwazikana paliponse. Chitsulo chimatha kuphwanyika kapena kudindika chifukwa mizere ya ma atomu ake imatsetserekana, ndiye timibuluti timatsekereza kutsetserekako, chitsulo nkuuma gwa. Komanso poti naitirojeni wadzipanikiza malo omwe munalibe mpata, chigawochi chimafuna kufufuma koma mkati mukuchigwira, ndiye chimakhala chofinyika nthawi zonse. Mng'alu umavutika kuyamba pamalo ofinyika, nchifukwa chake ma crankshaft ambiri a dizilo amachitidwa nitriding, sikuti ndi za kudyeka zokha komanso kuti asaduke ndi kutopa pa ma fillet, makona ozungulira a mmbali mwa pokhala bearing paja. Chigawo chachitatu ndi mtima wa chitsulo, umenewo sunasinthe kalikonse, uli mmene munautumizira.

Mwaona pomwe EN8 ikugwera? Muli kaboni pafupifupi 0.4 peresenti ndi manganese pang'ono, chromium mulibe, aluminium mulibe, moly (molybdenum) mulibe. Naitirojeni alowa inde, white layer ibwera, koma pansi pake palibe woti agwirane naye, kulimba kwake kawirikawiri sikupitirira 400 HV (HV ndi muyeso wa kulimba wotchedwa Vickers). EN19, yomwe ena amati 4140 kapena 42CrMo4, ili ndi chromium pafupifupi 1 peresenti ndi moly, imafika cha mma 600 HV. EN24 ili chapompo, nickel wake uja amathandiza mtima koma sapanga nitride. EN40B ili ndi chromium 3 peresenti, imadutsa 800 HV. EN41B muli aluminium pafupifupi 1 peresenti, imeneyo imafika cha mma 1000 HV, pomwe giya ya case hardening yabwino imathera cha mma 700 kapena 750. Ng'anjo imodzi, amoniya yemweyo, maola omwewo, koma zotsatira kutalikirana chonchi. Zitsulo za aluminium zija sizinangopezeka mwangozi, Adolf Fry wa ku Krupp ku Essen ndi amene adaona mzaka za mma 1920 kuti popanda zosakaniza zoyenera nitriding siipindula, nkuyamba kupanga zitsulo zoti zichitidwe nitriding, zomwe zidadzatchuka ndi dzina loti Nitralloy. Adolph Machlet ku America anali atayamba kale zolowetsa naitirojeni ndi amoniya zaka zingapo mmbuyomo koma sizinafale ngati za Fry.

China chomwe anthu amadabwa nacho, chitsulo chikakhala ndi zosakaniza zambiri chimalimba kwambiri koma khungu lolimbalo silipita patali mkati, chifukwa naitirojeni amagwidwa msanga asanayende. Ndipo nthawi simayendera limodzi ndi kuya kwake. Pa EN19 maola 20 angakupatseni mwina 0.3 mm, mukafuna 0.6 mm si maola 40 ayi ndi cha mma 80, kuwirikiza kawiri kuya kumafuna kuwirikiza nthawi kanayi. Nchifukwa chake ntchitoyi ndi yodula ndipo amadikira ng'anjo idzaze kaye, komanso ndi mmene magetsi amathimira kunoku, funsani ngati ali ndi jenereta yoti ikoke masiku awiri atatu osaima. Kaya mutumiza ku Joni kaya kwina, funso limenelo musachite nalo manyazi.

Tsopano chomwe chimandipweteka mtima ndikamaona, anthu kutumiza chitsulo chabwino ngati EN19 koma chili chofewa mmene chidachokera kogula. Nitriding siiumitsa mtima wa chitsulo. Nsima ikazizira pamwamba pamauma kakhungu koma mukakanikiza ndi chala chimangobooka poti pansi mpofewa, shafiti nayo ndi choncho, katundu akalemera pa spline mtima umagonja, khungu nkusweka. Chitsulo chiyenera kuumitsidwa kaye ndi kutempedwa, ndiko kutenthetsedwanso kuti chisakhale chofwamphuka, chifike cha mma 28 mpaka 32 HRC (muyeso wa kulimba wotchedwa Rockwell C), ndipo kutempako kukhale pa moto woposa wa nitriding ndi madigiri osachepera 30, apo ayi mtima udzapitiriza kufewa uli mu ng'anjo ndipo saizi idzasuntha. Mukagula EN19 ya condition T ndiye kuti zimenezi zachitika kale, bola wogulitsayo akupatseni pepala lake, osangokhulupirira penti ya kumapeto kwa bar. Dongosolo labwino nkudula kaye mwaukali nkusiya pang'ono, kuchotsa stress mu ng'anjo, kumaliza saizi, kenako nitriding. Khungu lakuda lakunja kwa bar lichoke lonse chifukwa pamenepo kaboni adapsa kale ndipo nitride yake imasendeka. Makona akuthwa muwazunguze pang'ono, naitirojeni amalowera mbali ziwiri kona nkukhala yofwamphuka. Ma thread auzeni atseke ndi penti yake kapena kopa. Shafiti imakulako pang'ono, mwina 0.02 mm pa diameter, pokhala bearing muwerengere zimenezo.

Bambo omwe anena pamwambapa kuti adawabera pa nitriding chifukwa atayeza chitsulo chawo pa Rockwell idaonetsa 40 yokha, pepani koma mwina sanakubereni. Rockwell C imakanikiza ndi makilo 150, kadayamondi kaja kamabooleza khungu lopyapyalalo nkukayeza mtima. Khungu la nitriding limayezedwa ndi Vickers pa katundu wopepuka kapena Rockwell 15N. Kuya kwake amawerenga mpaka pomwe kulimba kwatsika kufika 50 HV pamwamba pa kulimba kwa mtima.

Amene atchula Tufftride pamwambapa ngati nitriding sanalakwitse kwenikweni koma ndi njira ina. Imeneyo ndi yoviika mu mchere wosungunuka pa madigiri cha mma 570 mpaka 580 kwa ola limodzi ndi theka kapena awiri, imalowetsa naitirojeni ndi kaboni pang'ono, ndipo cholinga chake chachikulu ndi white layer yomweyo. Pa EN8 imathandizadi pokhala siili kapena bushi pomwe pali kukhulana chabe, koma spline yonyamula katundu siyingadalire zimenezo. Mcherewo ndi wa cyanate ndi cyanide, chonde wina asayerekeze kuphika zimenezi kuseri kwa shedi ku msika wa Siyaso, ndi poizoni weniweni. Iliponso plasma nitriding ya mu vacuum yomwe imatha kuchepetsa white layer mpaka kutsala pang'ono kusowa, ndipo pa gasi pali njira ya magawo awiri ya Carl Floe yochepetsera yomweyo, ngati kotumizako ali nazo ndi bwino.

A makaniko a makombi ndi ma lole omwe muli muno, izi zikukukhudzaninso. Crank ya nitriding mukaidula 0.25 mm, mwachotsa 0.125 mbali iliyonse, white layer yapita yonse ndi gawo lolimbitsitsa la pansi pake, mukafika 0.50 pa crank ya Tufftride ndiye palibe chatsala chodalirika. Onani buku la injiniyo, ena amalamula kuti ibwerere ku nitriding mukaidula, ena amaletseratu kudula. Kuiwongola pa press kumaswa khungu pa fillet, ndipo kuwotcherera pamwamba pake weld imatuluka mabowo okhaokha chifukwa naitirojeni uja amatuluka.

Ndiye achimwene, shafiti ya EN8 mwadula kaleyo musaitaye. Kaboni wake ndi wokwanira induction hardening kapena flame hardening, kutenthetsa pamwamba ndi magetsi kapena lawi la moto kenako nkuziziritsa msanga, pa ma spline pokha, ikhoza kufika cha mma 50 mpaka 55 HRC ndipo khungu lake limapita milimita imodzi kapena ziwiri, pa makina a njerwa omwe amagunda ndi kudya fumbi zimenezo nzabwino kuposa nitriding pa chitsulo chosayenera. Mukafunadi nitriding dulani ina ya EN19 condition T, kapena EN40B ngati thumba likulola, ubwino wake winanso khungu lake silifewa olo litenthe kufika cha mma 500 pomwe la case hardening limayamba kugonja likangodutsa 200. Potumiza mulembe papepala dzina la chitsulo, kulimba kwa mtima, kuya komwe mukufuna, malo otseka, ndipo muikemo kachidutswa ka bar yomweyo kalowe nawo mu ng'anjo kuti adzadule kameneko poyeza, akupatseni manambala a Vickers musanalipire yotsala.