Funsani Amalume: Ukwati wanga ndijambulitse pa filimu?

Amalume,
Ukwati wanga uliko mu Okutobala ku tchalitchi chathu, madyerero ku holo ina pa boma. Msuweni wanga wa ku Johannesburg wanditumizira zithunzi za ukwati wa mnzake, akuti anajambula ndi kamera ya filimu ngati zakale zija. Zandigwira mtima. Nkhope zake n'zofewa, mitundu yake si yothobwa m'maso ngati ya pa foni. Ndapeza mnyamata wa ku Lilongwe amene amajambula choncho, koma mtengo wake waposa onse amene ndawafunsa. Amuna anga am'tsogolowa akuti ndikufuna kugula zachikale ndi ndalama zambiri. Nditani?
NaPhiri, Chamama, Kasungu

A NaPhiri, ine ndili kumbali yanu, koma osati tsiku lonse la ukwatilo.

Tiyambe ndi diresi. Akwati a kuno amatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, ndipo mu Okutobala kumwamba kumakhala kopanda ndi kamtambo komwe. Inu mwavala zoyera mbee, bambowo suti yakuda, nkhope zathu nazo mukuzidziwa. Kamera ya dijito ikalandira kuwala kopyola muyezo, pamalo pamenepo pamangoyera, lesi ndi timikanda timene telala anachezera usiku kusoka zimafufutika osabwereranso. Makamera a lero ayesetsa ndithu pa vutoli, koma filimu ya negetivu idakali ndi mtima wautali. Pa kapulasitiki kake anapakapo timchere ta siliva m'magawo omva kuwala kwa buluu, kobiriwira ndi kofiira. Kuwala kukachuluka, timchereti timakhuta pang'onopang'ono, moti ngakhale wojambula alowetse kuwala kowirikiza kawiri kapena kanayi, ulusi wa velo umaonekabe. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amayezera kuwala pa tsaya lanu, diresilo n'kulisiyira filimu. Kufewa kumene mwakuona pa zithunzi za msuweni wanuyo kukuchokera pamenepo, kuphatikizapo timadontho ta filimu timene timabisa tiziphuphu popanda kusalaza munthu mpaka kusanduka chidole.

Musaganize kuti filimu inabadwa yokonda khungu lathu ayi. Kwa zaka zambiri otsuka zithunzi ankalinganiza makina awo ndi khadi la Kodak lokhala ndi mayi wachizungu, lotchedwa Shirley, ndipo khadi lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana linabwera m'ma 1990. Onjezanipo ojambula amene ankaumira kuwala, mupeza chifukwa chake m'maalubamu ena agogo athu amaoneka maso ndi mano okha. Filimu imene ojambula maukwati ambiri amadalira lero, Kodak Portra 400, imalitenga bwino khungu lakuda bola ilandire kuwala kokwanira. Mnzake amene ankapikisana naye, Fujifilm Pro 400H, anasiya kumupanga mu 2021.

Chachiwiri n'chovuta kuchifotokozera mwana wobadwira m'nthawi ya foni. Filimu imodzi ya 35mm imakupatsani zithunzi 36, yaikulu ya 120 imapereka pakati pa 10 ndi 16 malinga ndi kamera. Ine ndinaphunzira ntchitoyi ndikupalasa njinga m'maesiteti a fodya kamera ili pakhosi, ndipo filimu ikadzaza ndinkakwera nayo basi kukatsukitsa ku Lilongwe. Munthu wotero sadina chisawawa. Umayamba wakonza kolala ya ankhoswe, wachotsa chigubu chimene chili kumbuyo, wauza azakhali kuti aike chikwama pansi, kenako n'kudikira mpaka agogo atasiya kuyang'ana mbuzi. Anthunso amadziwa kuti mpata ndi umodzi, amaima ndi mtima wonse. Anyamata ena a masiku ano amakupatsani fulashi yodzaza ndi zithunzi zikwi, zisanu zofanana pa kumwetulira kumodzi, ndipo pakutha pa chaka palibe n'chimodzi chomwe chapachikidwa pakhoma. Apatu filimu ilibe matsenga, yangomuphunzitsa munthu kuleza mtima, ndipo wojambula wa dijito woleza mtima aliponso.

Chachitatu ndi negetivu, filimu yotsukidwa kale imene zithunzi zimachokerapo. Foni imabedwa, memori khadi imafa, wojambula amasamuka kompyuta yake n'kuwonongeka. Negetivu mukaisunga m'envelopu pouma, mopanda dzuwa, adzukulu anu adzaiyang'anitsa kuwindo n'kukuonani, ndipo akafuna adzatsukitsa china chatsopano.

Tsono tilowe mu holo. Perekaniperekani si malo a filimu. Nambala ya 400 ija ikunena mmene filimu imamvera kuwala, ndipo ukaiika m'kamera wakwatirana nayo mpaka ithe, pamene ya dijito imakwera mpaka 6400 ndi chala chokha. Maholo athu ndi amdima, magetsi akazima ndiye basi, ndipo mumdima filimu imatulutsa nkhope zamatope. Fulashi ya kamera, nyale yothwanima ija, imathandiza, koma taganizani: a MC aitana akuchimuna, alongo awo a apongozi anu alowa m'bwalo akuvina, ndalama zikuuluka, wojambula ali pakona kubweza filimu ndi kuika ina. Mayi ameneyo sadzakukhululukirani, ndipo mudzakhala naye pa maliro ndi pa zinkhoswe moyo wanu wonse. Kumbukiraninso kuti pa filimu palibe kusuzumira kumbuyo kwa kamera kuti muone ngati wina anaphethira. Amayi anu akuwadziwa bwino mawu amene ankabwera patatha masabata munthu atalipira kale: "Pepani, zinapsa."

Za mtengo, mnyamatayo sakukuberani. Chithunzi chilichonse amachilipira katatu: kugula filimu, kuitsukitsa m'mankhwala a C-41 amene amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 38 osasinthasintha, ndi kuilowetsa mu kompyuta kuti mukaione pa foni. Filimu ndi mankhwala ake zimachokera kunja, zogula ndi ndalama zakunja, ndipo mukukumbuka mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ndiye chitani chonchi. Tsiku lonse lijambulidwe pa dijito, kuyambira kosamba mpaka kodula keke. Filimu mugule zitatu basi, za 35mm. Yoyamba ya potuluka m'tchalitchi ndi nthungululu zake. Yachiwiri ya makolo, ankhoswe ndi agogo, pamthunzi wa mtengo. Yachitatu ikhale yanu awiri, cha m'ma 4 koloko dzuwa litapendeka, phiri la Kasungu lili kumbuyo, ngati a komiti angakuloleni kuzemba kwa mphindi makumi awiri. Zimenezi zikupatsani zithunzi zoposa 100, ndipo mtengo utsika moti bambowo apuma.

Musanapereke dipoziti, mnyamatayo akuonetseni manegetivu enieni a ukwati wina wa anthu akuda, muwagwire m'manja. Alipo ambiri amene amajambula pa dijito n'kupaka mitundu ya filimu pa kompyuta. Si tchimo, zina zimakongola ndithu, koma asakulipiritseni mtengo wa chinthu chimene sanagule. Akuuzeninso komwe akatsukitse ndi masabata amene mudikire. Ngati n'kunja, monga ku Johannesburg kapena Cape Town, adziwe kuti makina atsopano a CT ounikira katundu pa mabwalo a ndege amawononga filimu yosatsuka, amayenera kupempha kuti aione ndi manja. Ndipo mulembe pa pepala la mgwirizano kuti manegetivu ndi anu. Tsiku la ukwatilo mukaona filimu ili padashibodi ya galimoto padzuwa, tumani mwana akaichotse, kutentha kumasokoneza mitundu.

Amalume,
M'sutikesi ya malemu bambo ndapezamo kamera ya Pentax K1000. Ndingajambulire ukwati wa mlongo wanga mu Disembala?
Mphunzitsi, Nkhamenya

Aphunzitsi, bambo anu ankadziwa kusankha. Kamera imeneyo inayamba kupangidwa mu 1976, ndipo imadina popanda batire, kabatire kake kamangoyendetsa singano yoyezera kuwala. Koma yagona nthawi yaitali. Tsekulani chitseko chakumbuyo mukhudze kasiponji kakuda ka m'mbali. Kakamata chala ngati phula, kuwala kulowa ndipo zithunzi zituluka ndi mizere yofiirira, kakufunika kusinthidwa. Chotsani lenzi muiunike ndi tochi, mukaonamo timizere tonga ukonde wa kangaude ndiye kuti mwamera nkhungu. Zonse zikakhala bwino, ikani filimu yotsikirapo mtengo monga Kodak Gold 200, mujambule ana a sukulu yanu panja ndi m'kalasi, mukulemba m'kope manambala amene mwatchera pa chithunzi chilichonse, mutsukitse Disembala asanafike. Pa ukwatipo mupite nayo ngati mlongo wa mkwatibwi, wojambula wolipidwa akhalepo wina. Disembala ndi wamvula, muiyendetse m'jumbo.