Mwana akubwereza Sitandade 3 koma kuwerenga kukumukanikabe: muyambire pati?

Mayi wina watilembera za mwana wawo wa zaka 10 amene akubwereza Sitandade 3. Masamu a pakamwa amakhoza, nthano amakamba bwino, koma akagwira buku amasokoneza b ndi d, amadumpha mizere, ndipo masiku ano m'mawa uliwonse wa sukulu amati m'mimba mukupweteka. Bambo ake akuti ndi ulesi. Mayiwa akufunsa chochita.

Mayi, ngati pali mkwapulo, uleke kaye. Mwana wamantha sagwira kanthu m'mutu, ndipo m'mimba mopwetekamo mwina ndi mantha omwewo.

Yambani ndi thupi. Imani kumbuyo kwake mapazi atatu, nenani mawu motsitsa, iye abwereze. Onani ngati khutu limatuluka mafinya kapena ngati amatsinzina poyang'ana patali. Kuchipatala akamuyeze maso ndi makutu, ndipo mukawauze ngati anadwalapo malungo a mu ubongo, kapena ngati amangoti duu kwa kamphindi osayankha. Pali khunyu losagwetsa munthu, ndipo limaphonyetsa mwana zambiri m'kalasi.

Zonsezi zikakhala bwino, zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi dyslexia, vuto lolumikiza lembo ndi liwu lake. Si kulodzedwa, si kuperewera nzeru. Mwayi wake ndi wakuti Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera, choncho kuphunzitsa maphatikizo kumathandiza kwambiri.

Patulani mphindi 15 patsiku, masiku asanu pa sabata, mwana atadya. Dulani makadi pa katoni. Yambani ndi a, e, i, o, u, kenako m, n, t, k, l. Muphunzitseni liwu la lembo, osati dzina lake: m ndi "mmm", osati "emu". Mwana woloweza mayina a malembo amavutika kuwaphatikiza. Akadziwa ma, me, mi, mo, mu ndi anzake, apange yekha mawu ndi makadiwo: mano, mutu, kalulu. Maphatikizo ngati nkha, mpha ndi ndwa adikire. Malembo b ndi d musawaphunzitse limodzi. Masabata awiri akhale a b yekha, akumulemba wamkulu ndi chala pamchenga uku akutchula liwu lake, d abwere pambuyo. Akalephera kutchula, werengani chamumtima mpaka 5, mumuuze, mupitirire.

Chimene chimapusitsa makolo ambiri ndi kuloweza. Mwana amatha kunena tsamba lonse atangoona chithunzi, inu n'kumati wayamba kuwerenga. Sakanizani makadi, kapena mupangireni mawu opanda tanthauzo ngati "lomu". Akawerenga amenewo ndiye kuti akuphatikizadi. Lachisanu lililonse lembani m'kope chiwerengero cha maphatikizo amene wawerenga pa mphindi imodzi.

Kusukulu pitani ndi makope ake. Pemphani aphunzitsi amukhazike kutsogolo, ndipo asamuimiritse kuti awerenge anzake akumuseka. Pemphaninso ahedi akulumikizeni ndi a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) ku TDC (malo osulira aphunzitsi) ya m'dera lanu, kuti mwanayo aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Aphunzitsi otere ndi ochepa, ndiye musatope kukumbutsa. Kope la Lachisanu lija mukalitenge, lidzawaonetsa pomwe mwana waima. Akanena zoti abwerezenso kalasi, funsani chimene chidzasinthe pa kaphunzitsidwe kake chaka chimenecho.