Za kangolo ka mwana mukabwera ku Kasungu

Mayi anzathu, mwafunsa ngati mungayende ndi kangolo kokankhira mwana mukabwera kuno ku Kasungu kudzaona apongozi. Ndinene mosabisa: kasiyeni ku Lilongwe konko, tengani zitenje ziwiri.

Ulendo wa pa M1 si vuto kwenikweni. Mukakapinda, kondakitala amakaponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga, ngakhale ena amafuna ya katundu, ndiye mugwirizane mtengo musanakwere. Kanga kanatuluka m'menemo tayala limodzi litapindika, atakasanjikiza dengu la tomato.

Mavuto amayamba mukatsika pa depoti. Kuno timadalira kabaza, ndipo panjinga simungagwire mwana ndi ngolo nthawi imodzi. Misewu yambiri yolowera m'makomo ndi yadothi, Okutobala fumbi ndi mchenga, Januwale matope okhaokha. Timatayala tija timangotitimira.

Mberekeni kumbuyo, koma mukakhala mu minibasi mum'bweretse pachifuwa kuti asapanikizike ndi mpando. Pemphani malo a kuzenera, chifukwa wokhala pakhomo amatsitsidwa pa siteji iliyonse. Wa kabaza mumuuze ayende pang'onopang'ono. Ambulera musaiwale, dzuwa la kuno silinyengerera khanda.