Gilafu ya zivomezi ndi HTML yokha: mzati wanu ukuimira chiyani?

Aphunzitsi ena a jogalafe pa sukulu ina ya sekondale anditumizira imelo sabata ino. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Ndili ndi mndandanda wa zivomezi zikuluzikulu ndi kukula kwake. Ndikufuna kuwaonetsa ana pa gilafu ya mizati, koma laputopu yathu ilibe Excel ndipo intaneti ndi ya apo ndi apo. Kodi zingatheke ndi HTML yokha?"

Zingatheke ndithu ndi HTML, khodi yolembera masamba a pa intaneti, aphunzitsi, ndipo simudzawonongapo bandulo. Tsegulani Notepad, lembani mizere iwiri iyi, sungani failoyo ndi dzina loti zivomezi.html, kenako itseguleni ndi Chrome kapena Firefox:

<p>6.0 mpaka 6.9: zivomezi 134</p>
<div style="width:10%; height:20px; background:brown;"></div>

Mzati umodzi watha pamenepo. Div ndi kabokosi chabe. Height ndi kunenepa kwake, background ndi mtundu wake, ndipo width ndi utali wake, womwe ndiwo wasenza nkhani yonse. Mukafuna mizati inayi, koperani mizereyi kanayi n'kumasintha mawu ndi nambala ya width. Mizatiyi imagona cham'mbali, ndipo ndikukulangizani kuti muisiye choncho. Yoimirira imafuna khodi yambiri, komanso mayina aatali sakwana pansi pake.

Koma pali chinthu china m'funso lanu chimene chandidetsa nkhawa, ndipo ndicho ndikufuna tikhalirepo pansi. Mwati mukufuna kujambula kukula kwa zivomezi. Tiyeni tiyese ndi ziwiri. Chivomezi chachikulu kuposa zonse zimene makina anayezapo chinachitika ku Chile mu 1960, ndipo chinali 9.5. Chimene chinagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009 chinali 6.0. Mukaika manambalawa mu width monga alili, mzati wa Karonga udzapitirira theka la mzati wa Chile. Mwana wa Fomu 3 adzayang'ana n'kunena kuti, "Eya, cha kwathuchi chinatsala pang'ono kufanana ndi cha ku Chile." Ndipo vuto silidzakhala la mwanayo, chifukwa gilafuyo ndiyo yamuuza zimenezo.

Sikelo yoyezera zivomezi siyenda ngati lula ya m'kalasi. Mukakwera ndi nambala imodzi, kuchoka pa 6 kufika pa 7, mphamvu imene yatuluka pansi imawirikiza pafupifupi ka 32. Mukakwera ndi ziwiri, imawirikiza ka 1,000. Pakati pa Karonga ndi Chile pali 3.5, kutanthauza kuti cha ku Chile chinatulutsa mphamvu yowirikiza pafupifupi ka 180,000. Ngakhale cha ku Machaze ku Mozambique mu Febuluwale 2006, chomwe chinali 7.0, chinaposa cha ku Karonga ka 32, pomwe pa gilafu kusiyana kwake kungaoneke ngati kachala kamodzi. Maso a munthu akaona mzati wotalika kawiri amamva kuti chinthucho n'chachikulu kawiri, ndipo ngakhale mutalemba chenjezo pansi pake, chithunzicho ndicho chimatsala m'mutu.

N'chifukwa chake ine ndimakonda kuti mzati uziimira chiwerengero cha zivomezi. Apo utali wa mzati sunama. Bungwe la ku America lofufuza za miyala ndi nthaka, USGS, linapereka avereji ya zivomezi zochitika pa chaka padziko lonse: za 5.0 mpaka 5.9 zimakhala pafupifupi 1,319, za 6.0 mpaka 6.9 ndi 134, za 7.0 mpaka 7.9 ndi 15, ndipo za 8.0 kupita m'mwamba ndi chimodzi chokha. Tengani nambala yaikulu, 1,319, ikhale 100%. Zinazo muzigawe ndi 1,319 n'kuchulukitsa ndi 100. Mupeza kuti 134 ikupereka 10%, yomwe ili mu chitsanzo chija, 15 ikupereka pang'ono kuposa 1%, ndipo chimodzi chija sichikufika ngakhale 0.1%. Masamuwa apatseni anawo achite okha pa bolodi, akawona mzati umene awerengetsa okha ukutuluka pa sikirini phunzirolo limawakhala.

Mzati womalizawo udzazimiririka. Onjezerani min-width:2px; m'kati mwa style kuti kaoneke ngakhale kakhale kakang'ono ngati ulusi. Ndi chifukwa chomwechi ndaika mawu pamwamba pa mzati m'malo mwa m'kati mwake. Gilafu imeneyi imaphunzitsa yokha mfundo yofunika kwambiri pa nkhani ya zivomezi, yoti zazing'ono zimachitika tsiku ndi tsiku pomwe zoopsa zija zimabwera mwa kamodzikamodzi.

Tsiku limene mudzapeze intaneti, lowani pa earthquake.usgs.gov mufufuze m'kaundula wawo wa zivomezi. Mungathe kusankha zaka, kukula, ndi kujambula bokosi pa mapu lozungulira Nyanja ya Malawi, yomwe ili m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa kumene nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono. Koperani zotsatirazo ngati CSV, failo imene Notepad imatsegula bwinobwino, kenako werengani zivomezi za chaka chilichonse. Mudzaona mzati wa 2009 utasomphoka, chifukwa ku Karonga nthaka inagwedezeka mobwerezabwereza mwezi umenewo. Yang'ananinso 1989, chaka cha chivomezi cha ku Salima.

Mukamawerenga, yambirani pa 4.5 kupita m'mwamba. Zing'onozing'ono kuposa apo sizinalembedwe zonse, makamaka m'zaka zakale ndi m'madera amene makina oyezera ndi ochepa, choncho gilafu ingaonetse ngati zivomezi zikuchuluka pomwe achuluka ndi makinawo.

Samalaninso ndi nthawi. Mufailomo inalembedwa mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi. Chivomezi cha 6.0 chija mudzachipeza pa 19 Disembala, koma anthu a ku Karonga chinawadzutsa pa 20, ola loyamba litangodutsa pakati pa usiku. Ngati m'kalasi mwanu muli mwana wochokera kumeneko amene makolo ake anamuuza tsikulo, akhoza kukutsutsani, ndipo nonse awiri mudzakhala mukunena zoona.